Mpiringidzo Wachiwiri pa Chitseko cha Uthenga

Kale mphunzitsi wamkulu wa ku Makhanga akafuna kudziwitsa ofesi ya maphunziro ku Nsanje kuti madzi a Ruo alowa m'makalasi, ankalemba kalata, kuidinda chidindo cha sukulu, ndi kuipereka kwa munthu wa njinga kapena wa bwato. Wolandira kalatayo ankayang'ana chidindo ndi dzanja la wolemba, nakhutira kuti mawuwo ndi a mwini wake. Lero kalata ija inalowa m'lamya ya m'manja. Aphunzitsi a zoni imodzi ali ndi gulu lawo pa WhatsApp, chimodzimodzinso alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, ndipo chidindo chimene chatsala ndi nambala ya lamya ndi chithunzi cha nkhope basi. Mbala ikalanda WhatsApp ya nambalayo ndiye kuti yalanda chidindo.

Kulandako sikufuna nzeru zakuya. Munthu akaika WhatsApp pa lamya yake n'kulembapo nambala ya mnzake, uthenga wa SMS wokhala ndi manambala 6 umapita kwa mwini nambalayo. Apa mbala imaimba mwaulemu ndithu: “Pepani aphunzitsi, uthenga wanga wasochera kwa inu, tandiwerengerani manambalawo.” Mwini akangowatchula, WhatsApp yake imatseka n'kukatseguka m'manja mwa mlendo. Posakhalitsa anzake a pa ntchito amalandira mawu akuti ali ku chipatala ndi mwana, amuthandize msanga pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Amatumiza ndalamazo, pakuti ndani angakayike mawu a ahedi ake?

M'Chigwa cha Shire muli khomo linanso. Nyumba zambiri zilibe magetsi, kotero lamya zimatandalira mometera tsitsi kapena m'magolosale a pa Ngabu ndi pa Bangula, kutchajidwa eni ake ali kutali. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ngakhale a m'nyumba za magetsi anaphunzira mwambo womwewu. Lamya yosiyidwa pa shelefu imaonetsa uthenga wa manambala 6 uja kwa aliyense woima pafupi.

Mankhwala ake alipo kuyambira chaka cha 2017 ndipo salipiritsa. Mu WhatsApp munthu alowe pa Settings, kenaka Account, kenaka Two-step verification, asankhe nambala yake yachinsinsi ya manambala 6, ndi kulembaponso adiresi ya imelo ngati ali nayo. Kuyambira pamenepo, wofuna kutsegula WhatsApp ya nambalayo pa lamya ina ayenera kukhala ndi zinthu ziwiri: uthenga wa SMS uja, ndi nambala imene ili m'mutu mwa mwini. Loko ndi wakunja, mpiringidzo ndi wamkati. Chaka chobadwa kapena 123456 si mpiringidzo ayi, ndi bango chabe.

Ena amadandaula kuti adzaiwala nambalayo, makamaka lamya ikapita ndi madzi monga zinachitikira anthu ambiri pa namondwe Freddy mu Malichi 2023. Dandaulo limeneli ndi lomveka. Koma WhatsApp imafunsa nambalayo nthawi ndi nthawi kuti isachoke m'mutu, ndipo amene analemba imelo angathe kuisintha tsiku lomwelo. Wopanda imelo amadikira masiku 7. Masiku 7 omwewo ndiwo ayenera kuopsa wozengereza, chifukwa mbala ikapeza chitseko chopanda mpiringidzo imaikapo wake. Mwini akabweza nambala yake, mbalayo imatulutsidwa, komabe iye amakhala kunja sabata yathunthu. Sabata imeneyo ikagwa m'nyengo ya dzinja, pamene chenjezo la a zanyengo likudutsa m'magulu omwewa kuti a ku East Bank asamukire ku mtunda, sukulu yonse imasowa pakamwa. Choipa china n'chakuti anthu amene ananamizidwapo kamodzi ndi nambala ya mkulu wawo amayamba kukayika ngakhale uthenga woona.

Lamulo la 2016 loona za pa intaneti limaletsa kulowa mu zinthu za mwini popanda chilolezo, ndipo manambala a lamya analembetsedwa ndi zitupa mu 2018. Zonsezi zimathandiza mlandu ukafika ku polisi, koma ndalama za mnzako zimakhala zitapita kale.

N'chifukwa chake nkhaniyi siyenera kusiyidwa kuti aliyense aonere yekha. WhatsApp ya mphunzitsi ndi yake, koma mawu otulukamo amamveka ngati a sukulu. Pa msonkhano woyamba wa teremu, mvula isanagwe, mphunzitsi wamkulu apatule mphindi 10 kuti aliyense aike nambala yake yachinsinsi anzake ali pomwepo, kuyambira amene amayang'anira gulu. Wachinyamata amene wangomaliza Folomu 4 n'kupeza ntchito ku minda ya nzimbe ya ku Nchalo achite chimodzimodzi asanalowetsedwe m'gulu la a kapitawo. Nambalayo asauze mnzake, asauze wotchaja lamya, ndipo woimba amene adzitcha wa ku kampani ya lamya n'kuifunsa amudulire pomwepo.