Mwana waba batire tamuweruza, nanga akuba mabiliyoni aja?

 Pepani ndakhala chete nthawi yaitali, kuchonga mayeso kunandipanikiza. Lero ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo.

Masabata awiri apitawa tinakhala pansi a komiti yosungitsa mwambo pasukulu pathu kuweruza mnyamata wa Fomu 3. Dzina lake sinditchula, la sukulu sinditchulanso. Mnyamatayu anaba batire la sola limene limayatsa magetsi m'kalasi yomwe ana amawerengeramo usiku, n'kukaligulitsa kudoko kwa asodzi a usipa, poti masiku ano ambiri amakopa usipa ndi mababu m'malo mwa nyali za parafini. Anagwidwa msanga, chifukwa mwana wa wogulayo amaphunzira pasukulu pomwepo. Bambo a mnyamatayu anapita ku Joni kalekale ndipo adangoti zii. Mayi ake amawamba nsomba za eni ake. Ndalama ya batire anagulira chimanga, yotsala anagula nsapato ndi mayunitsi. Zonsezi anavomera yekha.

A hedi atamufunsa ngati alibe manyazi, iye anawerama kanthawi, kenako anati: "Ine ndalakwa ndipo batire labwera. Koma aphunzitsi, aja a mabiliyoni mumatiphunzitsa m'kalasi aja anabweza zingati?" Chipinda chonse chinati duu. Mnzanga wina anati mwanayu ndi wamwano, tilembe kalata kumaofesi a maphunziro achotsedwe basi. Ine pakamwa panandiuma, chifukwa amene ndinawaphunzitsa za mabiliyoniwo ndine.

Ndisanapitirire, ndinene poyera kuti kuba n'kuba. Umphawi si chilolezo. Ana ambiri amene ndimaphunzitsa amabwera m'mimba muli pululu koma sagwira cha mwini. Batire lija litasowa, amene anavutika si a hedi kapena boma, ndi ana a Fomu 4 osauka ngati iye yemwe, amene anagona osawerenga mayeso a MSCE ali pafupi. Chilango chinamuyenera. Chimene ndikukana ndi maganizo akuti ana athu aonongeka paokha, ngati kuti akukulira m'dziko lina osati lomwe tikukhalamo ifeli.

Tiyeni tikumbutsane. Mu Seputembala 2013 a Paul Mphwiyo, amene anali mkulu woona za bajeti, anawomberedwa ndi mfuti pakhomo pawo ku Lilongwe, ndipo chinsinsi cha Cashgate chinaululika. Kafukufuku wa kampani ya Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinatuluka m'thumba la boma m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Maiko otithandiza anaimika thandizo lawo ku bajeti, ndipo tonse tikukumbukira mmene zinthu zinathinira m'zipatala ndi m'sukulu. Inde ena anamangidwa. Mayi Treza Senzani analamulidwa kukhala kundende zaka 3 mu 2014, a Oswald Lutepo zaka 11 mu 2015. Koma milandu ina inangokokedwa chaka ndi chaka mpaka anthu kuiwala. Mu 2021 tinamvanso za K6.2 biliyoni ya Covid-19, imene gawo lina linathera m'maalawansi, chaka chomwecho ife aphunzitsi tikunyanyala ntchito kupempha kangachepe kotitetezera. Mwana wa Fomu 3 zonsezi amazimva pawailesi, amaziona pafoni. Amaonanso kuti munthu akatchulidwa pa nkhani zotere, akafika kumudzi timamuyalira mkeka n'kumamutcha bwana. Ndiye mawa lake ife tiime pa asembule n'kumati kuba sikulemeretsa?

Anzanga ena achikulire amati vuto ndi loti tinataya chikwapu. Amakumbuka nthawi ya Kamuzu ndi ngodya zake zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Zoona, nthawi imeneyo mwana sankayankha mphunzitsi. Koma ife a ku Mangochi tisamanamizane, tikudziwa mtengo wa mwambo umenewo. A Henry Masauko Chipembere atadzutsa nkhondo yawo kuno mu Febuluwale 1965, anthu a m'boma lino anazunzika zaka zambiri, ndipo a m'mudzi wa Moto anatengedwa mudzi wathunthu kukatsekeredwa. Amene anali ndi funso ankalimeza. Kumeneko kunali kuopa, ndipo mantha akachoka sasiya kanthu m'mbuyo. Mwana amene saba chifukwa choopa ndodo amadzaba tsiku limene ndodoyo adzaigwire ndi iyeyo.

Nanga ufulu utabwera tinawaphunzitsa chiyani ana? Tinavota pa riferendamu mu 1993, ndipo mu 1994 boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi kupulayimale, chinthu chabwino ndithu. Koma malamulo atsopano a dziko anali ndi gawo 64, limene linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo akapanda kuwatumikira bwino. Mu 1995 aphungu eni ake analichotsa gawo limenelo. Onani bwino: oyamba kuthyola chikwapu m'dziko muno sanali ana asukulu ayi, anali akuluakulu, ndipo chimene anathyola chinali chowakwapulira iwo eni. Kuchokera pamenepo mwambi wathu unangokhala wakuti mbuzi imadya pomwe aimangirira.

Koma tisangoloza chala ku Lilongwe, aphunzitsi anzanga. Tiyeni tidziyang'ane. Ndi masukulu angati kumene makolo amadziwa bwinobwino mmene ndalama za chitukuko ndi za PTA zimayendera? Ndi angati a ife amene timalemba m'buku kuti tabwera, kenako n'kukwera kabaza kukaona geni yathu kumsika, kalasi ili yokha? Mtsikana akatenga mimba amapita kunyumba, koma ngati mwini mimbayo ndi mphunzitsi, nthawi zambiri timangomva kuti wasamutsidwa. Ana amaona. Ana sapusa. Ukamva kuti pasukulu ina ana aswa magalasi kapena atentha nyumba, usanayambe kutukwana funsa kaye kuti madandaulo awo anakhala miyezi ingati osayankhidwa. Sindikuvomereza kuononga, poti amene amadzaphunzira pansi pa mtengo ndi iwo omwe. Ndikungoti mwambo wa mbali imodzi sukhalitsa.

Komanso tikamuthamangitsa mwana ngati uyu, akupita kuti? Kuno njira ndi ziwiri. Yoyamba ndi kunyanja, kumene chambo chinachepa kale, makamaka ku Malombe, ndipo mnyamata amachezera usiku wonse kukoka khoka la wina n'kulandira zongogulira sopo. Yachiwiri ndi ya ku Joni, ndipo tinawaona abale athu mu 2015 akutsika mabasi manja ali m'khosi, atathawa zipolowe zodana ndi alendo ku South Africa. Amene walephera njira zonse ziwiri ndi amene amadzathyola nyumba yanu usiku, ndipo anthu akamugwira sadikira apolisi. Ngakhale lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limalola kuti mwana wolakwa awongoledwe m'njira zina m'malo mothamangira naye kundende. Ngati khoti lingachite zimenezo, sukulu ingalephere bwanji?

Ndiye ine maganizo anga ndi awa. Mwana akalakwa alangidwe, koma chilango chikhale chobweza zimene waononga, ndipo akhalebe pasukulu. Ife tiyambe kumata pabolodi ndalama zonse zolowa ndi zotuluka teremu iliyonse, kuti kholo ngakhale mwana awerenge yekha. Ndipo inu ophunzira anga akale, ena muli ku Monkey Bay, ena ku Namwera, ena ku Makanjira, musamangowomba m'manja pamisonkhano. Funsani khansala ndi phungu wanu kuti ndalama za CDF zamanga chiyani, pamtengo wanji, kontirakitala ndani. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndi lanu limenelo. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo wofuna mpando alolenso mafunso.

Pamapeto pake komiti inagwirizana, titakangana mpaka dzuwa kupendeka, kuti mnyamata uja aime masabata awiri, akabwera apepese kwa a Fomu 4 pa asembule, ndipo azigwira ntchito kudimba la sukulu mpaka teremu kutha. Mayi ake analira, kaya ndi chisoni kaya ndi kuthokoza. Akubwerera Lolemba likubwerali, ndipo phunziro lake loyamba ndi langa. Ndidzamuuza kuti analakwa, ndipo sindidzabweza mawu. Ndidzamuuzanso kuti funso lake lija silinali mwano, asadzasiye kulifunsa. Yankho lake lokha ndilo ndilibe. Amene muli nalo ndithandizeni Lolemba lisanafike.