Mashingozi, Katemera ndi Nzeru za Okalamba

Aliyense amene anadwalapo katsabola pa ubwana wake akuyenda ndi kachilombo ka nthendayi mpaka lero lino. Tizilonda tikapola, kachilomboko sikafa ayi; kamakabisala m'mitsempha pafupi ndi msana, n'kugona momwemo zaka makumimakumi. Tsiku limene chitetezo cha m'thupi chafooka, kaya chifukwa cha ukalamba kaya cha HIV, kamadzambatuka ndi kutulutsa matuza otentha ngati moto mbali imodzi ya thupi. Amenewa ndiwo mashingozi, amene ambiri a ife tawaonapo pa abale athu.

Funso limene lakhala likuzunguza madokotala nali: kodi tizilombo totere tili ndi mlandu pa nthenda ija yolanda nkhalamba nzeru, mpaka kuiwala ana obala yokha? Nthendayi imatchedwa dementia, ndipo bungwe la WHO linati mu 2021 anthu odwala nayo anali 57 miliyoni pa dziko lonse. Kumidzi kwathu gogo wotere kawirikawiri amangonenedwa ufiti, chinthu chomvetsa chisoni zedi.

Ganizo la akatswiri ndi lakuti kachilombo kakadzuka, thupi limatumiza asilikali ake kukamenyana nako, ndipo pamalo pa nkhondoyo pamatupa. Kutupa kwa masiku owerengeka n'kothandiza. Koma kukamabwerezabwereza, maselo amene ntchito yawo ndi kusesa zinyalala muubongo amalusa, nayamba kuvulaza maselo anzawo amene amasunga zokumbukira. Kachilombo ka mashingozi kamathanso kutupitsa mitsempha ya magazi yopita kuubongo.

Mayi Ruth Itzhaki a ku Manchester anapeza mu 1991 kachilombo ka herpes, koyambitsa zilonda za pamilomo, muubongo wa okalamba. Anzawo ambiri sanawalabadire, ndipo sitingawadzudzule kwenikweni. Kupeza munthu pabwalo la nyumba yopsa si umboni wakuti ndiye anayatsa moto.

Umboni wogwira mtima unachokera ku Wales, ndipo unadza mosayembekezereka. Pa 1 September 2013 boma linayamba kupereka katemera wa mashingozi wotchedwa Zostavax, koma linaika malire: wobadwa pa 2 September 1933 kapena pambuyo pake alandire, wobadwa tsikulo lisanafike asalandire konse. Taganizirani, awerengi, nkhalamba ziwiri zosiyana kubadwa ndi sabata imodzi yokha. Zakudya zawo, maphunziro awo ndi zipatala zawo n'zofanana. Chowasiyanitsa ndi katemera basi. Gulu la Pascal Geldsetzer wa ku Stanford University linafufuza mabuku a chipatala a anthu oposa 280,000, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2025 m'magazini ya Nature. M'zaka 7, katemera anachepetsa chiwerengero cha opezeka ndi dementia ndi pafupifupi 20 pa 100 alionse, ndipo thandizoli linaoneka kwambiri pakati pa amayi.

Aphunzitsi a sayansi aone luso lili apa. M'kafukufuku wambiri wakale munthu akanatha kutsutsa kuti opita ku katemera ndi anthu osamala kale moyo wawo, motero nzeru zawo zikanakhalitsa ngakhale popanda jakisoni. Ku Wales mtsutso umenewu ukugwa, pakuti palibe munthu anadzisankhira tsiku lobadwa.

Komabe tisathamange. Zimenezi sizikutanthauza kuti yense wodwala mashingozi adzasokonezeka mutu. Ambiri amakalamba ndi nzeru zawo zonse. Ndiponso ena mwa olandira katemera anadwalabe, poti kuthamanga kwa magazi, shuga, fodya ndi chibadwa zili ndi gawo lawo. Zostavax weniweniyo analowedwa m'malo ndi Shingrix ku Britain kuyambira 2023, ndipo akatswiri a ku Oxford anapeza mu 2024 kuti olandira katemera watsopanoyu amakhala nthawi yotalikirapo asanapezeke ndi nthendayi kusiyana ndi amene analandira wakale uja.