Ampulifaya yakale isathere kwa ogula zitsulo

M'nyumba zambiri muno m'boma la Milange muli chibokosi chachitsulo cholemera chimene chinasanduka poikapo nyali kapena poikira nkhuku. Chibokosichi ndi ampulifaya, mtima wa gumbagumba, imene imatenga mawu ochepa a wailesi kapena kaseti nkuwapatsa mphamvu yoti amveke mudzi wonse.

Zambiri mwa izo zinabwera ndi anthu amene ankagwira ntchito ku Joni ndi ku Rhodesia. Ena anabwera ndi Supersonic ya ku Bulawayo, ena Pioneer, Sansui kapena Kenwood za ku Japan za m'zaka za m'ma 1970. Nkhondo itafika pa Milange mu 1986, anthu anathawira ku Mulanje atasenza zimene akanatha. Mtendere utabwera mu 1992 makina ena anabwerera kwawo pamutu, limodzi ndi mawailesi a Xirico ndi a Nzeru, koma ambiri anakhala chete mpaka lero.

Tsono masiku ano ogula zitsulo zakutha akuzungulira m'midzi. Iwo safuna nyimbo ayi, amafuna waya wa kopa amene ali mu thiransifoma. Mwini wake amalandira ndalama ya sopo, makina nkuphwanyidwa ndi hamala. Chomvetsa chisoni nchakuti ambiri mwa makinawa sanafe, angodwala matenda ochizika.

Amisiri a mawailesi amadziwa kuti chimene chimayamba kutha ndi makapasita, timigolo tosunga magetsi timene timauma kapena kufufuma pakapita zaka. Ampulifaya ikamalira ngati njuchi m'sipika, kawirikawiri vuto limakhala limeneli. Ikamachita phokoso potembenuza kokwezera mawu, ndi fumbi ndi dzimbiri chabe, poti chinyontho cha kuno kunsi kwa phiri la Tumbine sichisiya chitsulo. Mphemvu nazo zimamanga mudzi m'katimo, makoswe nkudula mawaya.

Ubwino wa makina akalewa ngwakuti kachipangizo kalikonse kali pakokha. Mmisiri amachotsa chowonongekacho nkumatirira china ndi mtovu, ntchito yatha. Zambiri zotsika mtengo za masiku ano zimawala ndi timagetsi tamitundumitundu, koma zikapsa pamafunika kusintha bolodi yonse, imene nthawi zina sipezeka. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma wofuna kudzutsa ampulifaya imene yagona zaka 20 asafulumire kuilumikiza ku magetsi, chifukwa apa mpamene zambiri zimaferatu. Choyamba aitsekule, aipukute ndi kaburashi kouma, aone ngati pali waya wodyedwa kapena malo opserera. Poiyatsa koyamba, amisiri odziwa amadutsitsa magetsi mu babu lakale la mawati 60 kapena 100 asanafike ku makina. Babulo likangowala pang'ono nkuzilala, zinthu zili bwino. Likawala kwambiri osasiya, m'kati muli mawaya ogundana, ndipo azimitse msanga.

Pali zizolowezi ziwiri zimene zapha makina ambiri. China ndi kumanga waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya pamalo a fuzi yakupsa. Fuzi ndi mlonda, imafa kuti thiransifoma ipulumuke, ndipo iyenera kusinthidwa ndi inzake ya nambala yomweyo. Chinanso ndi kulumikiza masipika anayi kapena asanu pamalo amodzi pofuna kuti ukwati umveke mpaka ku Muloza. Ampulifaya yolembedwa 8 ohms kumbuyo ikasenzetsedwa chotero imatentha, mathiranzisita nkupsa phwando lili pakati.

Chenjezo lalikulu nlakuti makapasita akuluakulu amasunga magetsi ngakhale makina atazimitsidwa. Makamaka ampulifaya za mavavu agalasi zimasunga mavoti mazana angapo, okwanira kupha munthu. Ana asaseweretse, ndipo amene sanaphunzire atengere makinawo kwa mmisiri.

Achinyamata ofuna luso akhoza kuyambira pomwepa, atakhala pambali pa mmisiri wamkulu ndi mita yoyezera magetsi. Ampulifaya yokonzedwa bwino imatumikira kutchalitchi, kumzikiti, pamaliro, pamsonkhano wa mfumu, ndipo imabwerekedwa paukwati nkubweretsa ndalama chaka ndi chaka. Choncho banja limene lili nayo liyambe lafunsa mmisiri mtengo wokonzera, lisanaipereke pasikelo ya wogula zitsulo.