Madayisi Sakumbukira Dzulo



Mwezi watha, titangotuluka m'Misa, mnyamata wina wa m'parishi mwathu anandiimitsa pansi pa mtengo wa mango. Anali ataona pa lamya yake anthu a ku America alikuchova njuga ya madayisi yochedwa craps, ndipo anafunsa kuti, "Bambo, kodi munthu wocenjera amadziwa bwanji nthawi yocepetsa kapena yocotsa ndalama zake pa thebulo?" Tsikulo ndinamuyankha mwacidule. Lero ndifuna kumuyankha mofatsa pamaso pa inu nonse, pakuti funso lotere limafika mpaka pa thumba la ufa ndi pa ndalama za sukulu.

Masewerawa anacokera ku njuga yakale ya ku England yochedwa hazard, nakulira mu mzinda wa New Orleans m'zaka za m'ma 1800. Masiku ano amadzaza nyumba za njuga ku Las Vegas ndi ku Atlantic City. Munthu mmodzi amaponya madayisi awiri, ena onse nabecha pa nambala imene idzatuluka. Dayisi lililonse lili ndi mbali 6, motero awiriwo angagwe m'njira 36. Mwa njira zimenezi, 6 zimabala nambala 7. Nambala 6 ili ndi njira 5, cimodzimodzinso 8. Nambala 5 ndi 9 zili ndi njira 4 iliyonse, pamene 4 ndi 10 zili ndi njira zitatu zokha. Palibe nambala yotuluka kawirikawiri kuposa 7.

Kubecha kwakukulu kumachedwa pass line. Pa kuponya koyamba, 7 kapena 11 ikatuluka wobecha wapambana. Ikatuluka 2, 3 kapena 12 waluza. Ikatuluka nambala ina, imeneyo iyenera kubweranso 7 isanaoneke. Kuyambira pamenepo ndalama ya pass line siloledwa kucotsedwa, cifukwa eni nyumba adziwa kuti tsopano 7 ili kumbali yawo. Koma ndalama imene munthu waika payekha pa nambala monga 6, 8 kapena 4 angaicepetse kapena kuitenga nthawi iliyonse. Funso la mnyamata uja lagona pamenepa.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Woika madola 6 pa nambala 6 amalandira madola 7 ikatuluka nambalayo, nataya madola 6 ikatuluka 7. Pa maulendo 11 amene mlandu umagamulidwa, masamu amati adzapambana kasanu, ndiwo madola 35, nadzaluza maulendo 6, ndiwo madola 36. Dola imodzi yatsala kwa eni nyumba. Woika madola 5 pa nambala 4 amalandira madola 9: pa maulendo 9 adzapambana katatu, madola 27, nadzaluza maulendo 6, madola 30. Madola atatu apita. Palibe wamubera mwacinyengo. Malipirowo anakonzedwa dala kuti azipelewera pang'ono, ndipo pang'ono pameneko, pobwerezedwa usiku wonse, ndipo pamamangira nyumba zazitali za ku Las Vegas.

Ochova njuga ali ndi nzeru zawozawo. Ena amati, "Papita nthawi 7 osatuluka, ili pafupi, cotsani ndalama." Anzawo amati, "Dzanja la woponyayu latentha, onjezerani." Onse awiri alakwa mofanana. Madayisi alibe mutu wosungira zimene zinacitika. Ngakhale 7 itasowa maulendo 20, pa kuponya kotsatira mwai wake ukhalabe umodzi mwa 6. Mu 2009, ku Atlantic City, mai wina anaponya madayisi maulendo 154, kwa maola oposa anai, 7 yothetsa ulendo wake isanagwe. Nkhaniyo inamveka dziko lonse cifukwa n'cosowa. Cozolowereka ndi ici: pa kuponya kanai kokha, mwai woti 7 ituluke kamodzi umaposa kale theka.

Nanga njira yocepetsa ndalama munthu akangopambana kamodzi, imene ambiri amaitama? Ili ndi ubwino umodzi woona: ndalama yobwerera m'thumba 7 siingaikhudze. Koma njirayi sisintha masamu a ndalama yotsala pa thebulo. Wocepetsa amaluza pang'onopang'ono, woonjezera amaluza msanga, ndipo wosaluza ndi yekhayo amene watenga zonse.

Cotero thebulo silingamuuze munthu nthawi yoleka. Nthawiyo imagamulidwa kunyumba, mutu uli wozizira. Amene watsimikiza kusewera ayambe wachula ndalama imene angaitaye popanda mwana kugona ndi njala, natenge yokhayo. Achulenso ola locokera. Akapambana, phindu alipatule, lisabwererenso pa thebulo. Ndipo pali zizindikiro zina zimene zikaoneka, munthu ayenera kucotsa zonse nthawi yomweyo: akayamba kubecha kuti abweze zimene wataya, akafuna kukongola, akagwira ndalama ya lendi kapena ya feteleza, ndiponso akayamba kubisira mnzake wa m'banja kumene ndalama zapita. Akuluakulu anati, ici cakoma ici cakoma pusi anagwa cagada.

Katekisimu wa Eklezia Katolika wa mu 1992, pa nambala 2413, saphunzitsa kuti masewera a mwai ndi oipa mwa iwo okha. Amati amasanduka olakwa pamene amalanda munthu zofunika pa moyo wake ndi wa anthu amene amawasamalira, nacenjezanso kuti cilakolako ca njuga cingamuike munthu mu ukapolo. Muyeso wake suli pa madayisi ai, koma pa mbale ya ana.

Ambiri a ife sitidzaimapo pa thebulo la craps. Komabe masamu omwewo ali m'lamya zathu, m'mene anyamata amabecha pa mpira usiku ndi usana. Kumenekonso malipiro anakonzedwa kuti mwini nyumba asagone ndi njala, ndipo kuluza kwa dzulo sikulonjeza kupambana kwa mawa. Makolo, musayembekeze kuti mwana ayambe wagulitsa njinga. Khalani naye pansi ndi pensulo, muwerengere limodzi madola 35 ndi 36 aja.

Mnyamata wanga, yankho lako ndi ili. Nthawi yabwino yocotsa ndalama pa thebulo ndi madayisi asanaponyedwe. Ngati waika kale, palibe kuponya kotsatira kumene kudzakhala kwabwino kuposa kumene kwapita, motero tambasula dzanja, utenge zako, upite kwanu.

Mulungu adalitse mabanja anu. Tidzakumananso mwezi wa mawa.