ZA ANTHU A KU DAMBO NDI MAU AKUTI "SAMUKANI"



Mlandu umene tiuika pamaso panu, kuti muulingalire tisanakomane, ndi uwu. Madzi a Shire ndi a Ruo amiza midzi ya m'cigwa, m'maboma a Nsanje ndi Cikwawa. Boma liti kwa anthu, "Samukani, kwerani kumtunda". Ndipo madzi akaphwa ambiri abwerera kumabwinja ao, namanganso. Iwo akuona izi ali kutali angoti anthu awa ngosamva. Ife titi mau amenewo ngopepuka, ndipo sanapulumutsepo mwana ndi mmodzi yemwe.

Tiyambe tafunsa cimene cimangirira munthu pa malo ace. Coyamba ndico cakudya. Cigwa ca Shire ndi dziko lotentha, la mvula yocepa, ndipo munda wa kumtunda upsa ndi dzuwa kawirikawiri. Koma madzi omwewo amene agwetsa nyumba asiya nthaka yacinyontho, ndipo m'dimba munthu abzala cimanga, mbatata, nyemba ndi maungu m'cilimwe, pamene nkhokwe za kumtunda ziri gwa. M'dambo muli mlamba ndi mphende. Njala ikakula akazi akazula nyika. Wouza munthu wotere kuti acoke, osamuonetsa cimene akadye, amuuza kuti athawe madzi nakafe ndi njala.

Caciwiri ndiwo manda. Munthu sacoka msanga pamene panakwiriridwa mcombo wace, ndi pamene agona amace ndi ambuye ace. Onani nkhalango ya Khulubvi, kumene kuli kacisi wa Mbona: mitengo yatha m'malo ambiri ozungulira, koma m'menemo nkhwangwa siilowa. Anthu asunga cimene aciyesa ca makolo, cinkana palibe msilikali wocilondera.

Cacitatu ticinena ndi ulemu, pakuti cikhudza inu eni dziko: ndiwo ufumu. Mfumu ikhala mfumu pa nthaka yace. Ikasamukira m'dziko la inzace iopa kusanduka mlendo wopempha pomanga, ndipo anthu ace aopa kulembedwa m'buku la mudzi wina. Mwa zifukwa zimene anthu a kwa Nyacikadza akhala akanira kukwera kumtunda, ici sicicepa.

Zitatuzi nzoona. Komatu pali cinanso coona, ndico cakuti malo amene tiwakonda sakhala monga tinawapeza. Ciromo, pamene Ruo akomana ndi Shire, linali doko lalikuru m'zaka za m'ma 1890, pofikira sitima za pamadzi zocokera ku Chinde. M'caka ca 1908 njanji yocokera ku Port Herald, ndiye Nsanje wa lero, inafika ku Blantyre kudzera pomwepo. M'caka ca 1997 madzi anadula njanjiyo pakati pa Bangula ndi Ciromo, ndipo sitima zinaleka kuoloka. Ulemerero wa dokolo watsala m'kamwa mwa nkhalamba.

Dambo lomwe lasintha m'maso mwa makolo athu. Nyanja itatsika, mcenga unatseka poturukira Shire kuyambira ca m'ma 1915 kufikira 1935, ndipo m'cigwa anthu analima thonje ndi cakudya pamalo amene kale panali madzi. Nyanja itadzalanso, cakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, madzi anamiza minda yambiri ya m'dambo la Dinde. Anthu anakwera kumtunda, ndipo amuna ambiri anapita ku Halale kukafuna nchito. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Mu January 2015 Ruo anasiya njira yace nadzera m'midzi ya ku Makhanga, m'dziko la Mfumu Mlolo, ndipo anthu anacotsedwa pa mitengo ndi pa madenga ndi mabwato ndi ndege. Namondwe Idai anadza mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023. Zigumula zinai zazikuru m'zaka zisanu ndi zinai! Mwana wobadwa mu 2015 waziona zonse asanatsirize sukulu ya pulaimale.

Tsono ife tiona kuti mlandu uwu ulakwika pouweruza ngati pali njira ziwiri zokha, kukhala kapena kucoka. Cimene cipha anthu ndico kugona m'dambo. Cimene ciwadyetsa ndico kulima m'dambo. Ziwirizi zikhoza kulekanitsidwa. Cifukwa cace tipempha msonkhano uvomereze mfundo zinai izi, kuti tikazitule kwa Bwana D.C.

1. Nyumba zikwere kumtunda, koma dimba likhale la mwini wace. Ndipo ici cilembedwe pamaso pa mafumu a mbali zonse ziwiri munthu asanazule nsici imodzi. Malo atsopano akhale pafupi, poti munthu akhoza kulawira kudimba nabwerako dzuwa lisanalowe.

2. Mfumu yosamuka isunge dzina lace, buku la anthu ace ndi bwalo lace. Mudzi ukapite ndi dzina lace lakale, ndipo abale amange moyandikana monga anakhalira, osawabalalitsa ngati anthu a pamsasa.

3. Manda atsopano apatulidwe maliro oyamba asanagwe, ndipo akulu apatsidwe nthawi yakukatsazika iwo amene agona kumanda akale.

4. Citsime, sukulu ndi cipatala ziyambe kufika, anthu adze pambuyo. Munthu wosiyidwa pa thengo ndi tenti yokha adzabwerera kudambo, ndipo sitidzakhala ndi mau omtsutsa.

Kwa inu mafumu a kumtunda titi: nthaka munailandira kwa makolo kuti musungire anthu. Musaigulitse kwa othawa madzi, ndipo musayese tsoka la mnzanu njira yocurukitsira maina m'buku lanu.

Kwa inu mafumu a ku dambo titi, ndi maondo athu pansi: dzifunseni m'mtima ngati mukana cifukwa ca dimba la anthu, kapena cifukwa ca mpando. Dimba tilimenyera pamodzi ndi inu, ndi mpando womwe tapempha kuti usungidwe. Koma madzi adza usiku, ndipo oyamba kutengedwa ndiwo ana ndi nkhalamba, amene sanafunsidwe pa bwalo.

Mvula iri pafupi. Mudze ku msonkhano mutafunsa anthu anu, akazi omwe, pakuti ndiwo adziwa mtunda wa pakati pa nyumba, citsime ndi dimba.

MLEMBI