Asaleke kutchera khutu ngakhale kuli zii

Pa 17 Ogasiti 2017, makina a LIGO ku America ndi a Virgo ku Italy anatola mafunde a mphamvu yokoka ochokera ku nyenyezi ziwiri za mtundu wa neutron, zimene zinkazungulirana mpaka kuwombana. Patangopita masekondi 1.7, masetilaiti a Fermi ndi INTEGRAL anaona kung'anima kwa kuwala kwa gamma. Zonsezi zinachokera mu mlalang'amba wa NGC 4993, kutali kwakuti kuwala kumayenda zaka pafupifupi 130 miliyoni kuti kufike kuno. Nanga zitawombana, panatsala chiyani? Akatswiri anasakasaka mafunde ochokera ku chotsalacho, koma kunali zii. Ine ndikuti apitirize kusaka.

Chifukwa chake n'chakuti kuwala pakokha sikungathetse mtsutsowu. Chotsalacho chikhoza kukhala black hole pompopompo, kapena nyenyezi yolemera mopitirira imene imaima kanthawi kenaka n'kudzigwera, kapenanso magnetar, nyenyezi yozungulira mothamanga yokhala ndi mphamvu ya maginito yoopsa. Setilaiti ya Swift, imene inaponyedwa mumlengalenga mu 2004, yakhala ikuona kuti kung'anima kwina kwa gamma kotere kukachitika, kuwala kwa X-ray kumakhalitsa osazirala msanga, ndipo ena amati ndi magnetar imene ikusonkhezera. Kungakhale kutero, komatu ndi kulingalira chabe, poti pakatipo pamakhala potchingidwa ndi zinthu zotentha zimene zamwazika. Mafunde a mphamvu yokoka ndiye satchingika. Atamveka, tingadziwe malire a kulemera kumene nyenyezi ya neutron ingapirire isanagwe, ndiponso mmene zinthu zimakhalira zikapanikizana mwa mtundu umene palibe labotale pansi pano ingafikepo.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo si yachibwana. Amati kusakako kunali kodziwikiratu kuti sikuphula kanthu: mafunde otuluka nyenyezi zikangowombana amagwedezeka koposa ka 1,000 pa sekondi, pamene makutu a LIGO amayamba kugontha, ndipo ofufuzawo anavomereza okha kuti pa mtunda umenewo makina sakanamva. N'zoona. Koma zimene makina anatola zilipo kale. Kuzisanthulanso kumangofuna makompyuta ndi nthawi ya anthu. Ndipo luso lolekanitsa kamfunde kofooka ndi phokoso limatenga zaka kuti likhwime. Mlenje sayamba kusema uta nyama itadzambatuka kale. Kuwombana kooneka ndi kumveka pamodzi ngati kwa mu 2017 sikuchitikachitika, choncho kukadzachitika pafupi, njira zikhale zitayesedwa.

Tisaiwalenso kuti Albert Einstein ananeneratu za mafundewa mu 1916, koma mafundewo anamveka koyamba pa 14 Sepitembala 2015, anthu atatha zaka zambiri akumva phokoso lokhalokha. Makina amphamvu amene akukonzedwa, Einstein Telescope ku Ulaya ndi Cosmic Explorer ku America, adzafuna anthu odziwa kale chimene akusaka. Opereka ndalama za kafukufuku asadule ntchitoyi poti sinabale zipatso panopa.