Musanyoze Wophunzira za Makina

Abale, tamva ena m'midzi mwathu alikunyoza mwana amene, atalandira digiri yoyamba, abwereranso kusukulu kukaphunzira za makina ndi kayendetsedwe ka mafakitale. Ati, "Adzaleka liti? Anzace ali m'maofesi!" Mau amenewa ife tiwakana ndithu.

Taonani thonje la ku Cikwawa. Olima ndife, koma lambiri lituruka m'dziko lisanaombedwe, ndipo nsaru tigula kwa alendo pa mtengo wowawa. Cifukwa ninji? Makina agulika ndi ndalama. Wosowa ndiye munthu wodziwa kuwasamala, kuwerengera mtengo wa magetsi ndi wa ulusi, ndi kugawira anchito zocita zao. Nzeru zotere sizidza ndi taye pakhosi.

M'caka ca 1894 Dotolo Robert Laws anayamba sukulu ya Overtoun ku Livingstonia, naphunzitsa ukalipentala pamodzi ndi mabuku. M'caka ca 2021 Polytechnic ya ku Blantyre inaima payokha monga yunivesite. Kodi ife tokha tibwerere m'mbuyo, ndi kuyesa manja akuda camanyazi?

Makolo inu, musamletse mwanayo. Kuona maso a nkhono nkudekha.